Moyo wa ku Joni umene suoneka pa chithunzi

 

Ndisanayambe ndifunse kaye. Ndi angati muno amene ali ndi m'bale kapena mnzawo ku Joni? Kwezani manja. Taonani, pafupifupi tonse. Nanga ndi angati amene mumtima akuti, "Ine ndikangopeza ya basi, ulendo"? Musachite manyazi, inenso ndinali m'gulu lomwelo. Lero sindinabwere kudzakuletsani ayi. Mmene zinthu zilili kuno ndikudziwa: walemba MSCE, ntchito palibe, feteleza wakwera, mnzako amene unkamuposa m'kalasi akutumiza zithunzi atavala jekete la chikopa. Ine ndakhalako ku Johannesburg chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, kuyambira Febuluwale 2023 mpaka Epulo 2024, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene sabata imayendera kumeneko, chifukwa pa zithunzi zija mumangoona tsiku limodzi lokha, la Lamulungu.

Ulendo wa ku Joni sitinauyambe ndife. Agogo anga aamuna anakagwira ntchito ku migodi nthawi ya Wenela, ndipo dzina la depoti ya mabasi ya ku Blantyre ija linachokera komweko. Iwo ankapita pa ndege, kontalakiti ili m'manja. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo a Kamuzu Banda analetsa maulendowo. Patapita zaka zochepa anayambiranso pansi pa TEBA, koma mu 1988 anaimanso chifukwa cha mkangano: a ku South Africa ankafuna kuti Amalawi aziyamba ayezedwa HIV asanalembedwe ntchito. Ife a masiku ano timapita tokha, popanda kontalakiti, popanda wotilandira kupatula nambala ya foni ya m'bale.

Ine nambala imene ndinali nayo inali ya msuweni wanga. Ndinakwera basi pa Wenela pomwepo. Tinatulukira pa Mwanza, tinawoloka Zambezi pa Tete, tinalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare tinadutsa usiku, kenako Beitbridge pamene tinaima pa mzere mpaka miyendo kutupa. Masiku awiri pa mpando umodzi. Pa Beitbridge anandidindira masiku 30 a mlendo. Mvetsetsani pamenepa: chidindo chimenecho n'chokacheza, si chokagwira ntchito. Mavuto ambiri amene ndikambe amayambira pa kachidindo kameneka.

Tinafika pa Park Station m'mawa. Msuweni uja ananditengera ku Cosmo City, kumpoto kwa tauni. Pa foni ankati "kunyumba kwanga". Nditafika ndinapeza kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo tinali anthu anayi: iye, ine, mnyamata wina wa ku Mangochi, ndi bambo wina wachikulire wa ku Mzimba amene anakhalako zaka zambiri, tinkangowatchula kuti madala. Matiresi awiri pansi, sitovu ya magetsi pakona, zovala pa misomali. Chimbudzi ndi mpopi tinkagwiritsa ntchito pamodzi ndi a zipinda zina zisanu. Lendi tinkasonkherana, ndipo mwezi woyamba anandilipirira msuweni wanga ngati ngongole, kuwonjezera pa ngongole ya basi imene mayi anatenga ku banki m'khonde.

Ntchito ndinaipeza patatha masabata atatu, ya m'galadeni ku Randburg. Amalawi kumeneko tili ndi mbiri yoti ndife okhulupirika pa ntchito za pakhomo, ndiye madala aja anangondilankhulira kwa abwana ena. Ndinkagwira makomo atatu: kwina Lolemba ndi Lachinayi, kwina Lachiwiri ndi Lachisanu, kwina Loweruka. Lachitatu ndinkaima pa msewu pafupi ndi sitolo ya zipangizo zomangira, kudikira ganyu iliyonse. Kutchetcha kapinga ndi makina, kusesa masamba, kutsuka magalimoto, kutola zonyansa za agalu. Ine amene ndinakhoza Biology ndi kirediti! Dziwe losambiramo ndinalitsuka chaka chonse koma sindinaviikemo ngakhale phazi.

Chaka chimenecho lamulo la dzikolo linkati malipiro otsikitsitsa ndi R25.42 pa ola. Makomo awiri ankandipatsa R200 pa tsiku ndi chakudya cha masana. Khomo lachitatu ankandipatsa R150, ndipo tsiku lina ndinathyola mwangozi kapaipi kothirira maluwa, anandidula tsiku lonse. Ukadandaule kuti? Munthu wopanda mapepala sapita ku ofesi ya za ntchito. Umangoti, "Sorry madam," n'kumeza malovu. Mukamva R200 mumachulukitsa mu makwacha n'kuyamba kumanga nyumba ya malata m'mutu. Chotsanipo kaye thiransipoti yopita ndi kubwera, lendi, magetsi ogula pa mita, ufa, ndiwo, mayunitsi a foni, ndi masiku a mvula amene sugwira. Mwezi wabwino ndinkatumiza R800 pa Mukuru. Mwezi woipa ndinkazimitsa foni kuti mayi asandipeze.

Ndinkadzuka 4 koloko ndi theka. Minibasi kumeneko amaitcha taxi, ndipo ilibe kondakitala woitanira. Umaima pa msewu n'kusonyeza ndi chala kumene ukupita. Kuloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja mpaka kutsogolo, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerengera chenji. Tsiku langa lachiwiri ndinakhala mpando umenewo osadziwa. Anthu akundilankhula Chizulu, ndalama zikubwera mbali zonse, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali m'mawa. Mayi wina kumbuyo ananena mawu amene ndinadzawazolowera pambuyo pake: kwerekwere. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kukhala kumbuyo ndi kutseka pakamwa. Foni ikalira m'taxi sindinkayankha, kuopa kuti Chichewa chindiulula. Taganizani anzanga, kuopa chilankhulo chako chomwe.

Mantha amenewa sikuti ndi ongopeka. Madala aja analipo mu Meyi 2008 pamene zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anathawa zipolowe ku Durban. Koma ndinenenso chilungamo, si onse oipa mtima. Mayi mwini nyumba yathu anali Mtswana, ndipo mwezi wina atatiwona tavutika anatidikira lendi masabata awiri osatukwana. Mantha a tsiku ndi tsiku anali a galimoto ya apolisi. Masiku 30 aja atatha ndinasanduka munthu woyenda choyang'ana kumbuyo. Akakugwira, mapeto ake ndi ku Lindela, malo osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo, ku Krugersdorp.

Za kuzizira palibe anandiuza. Johannesburg ili pamwamba kuposa Dedza, ndipo mu Juni ndi Julayi kapinga amadzuka atayera ndi chisanu. Pa 10 Julayi 2023 kunagwa sinowo, timadzi toundana touluka ngati ufa. Ana a abwana ankathamanga panja kujambula, ine zala zitauma pa chogwirira cha wilibala. Chaka chomwecho magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, kuchita kukhala ndi ndandanda yake. Ndinaseka ndekha: ndathawa kuzima kwa magetsi kwathu, ndakupezanso kuno! Kumapeto kwa Ogasiti nyumba ina yosanjikizana ya m'tauni, ku Marshalltown, imene anthu osauka ankakhalamo mothithikana, inapsa usiku ndipo anthu oposa 70 anafa, Amalawi anzathu ali m'gulu. Mayi anandiimbira kasanu m'mawa umenewo akulira. Iwo Joni ankaiona ngati mudzi umodzi.

Tsono tifike pa Lamulungu, tsiku la zithunzi.

Lamulungu m'mawa tinkachapa, kumeta, kenako kutchalitchi. Mipingo ya Amalawi iliko yambiri, ina imapemphera m'makalasi a sukulu, ndipo kungomva nyimbo ya Chichewa misozi inkalengeza. Mnzathu wa ku Mangochi Lachisanu akapeza mpata ankapita ku mzikiti ku Mayfair, kumene kuli abale ake ambiri ogwira ntchito m'masitolo. Masana tinkaphika nsima yeniyeni. Iwo ali ndi yawo, amaitcha pap, koma ufa wake wa m'sitolo sufanana ndi ufa woyera wa kwathu. Tsiku limene wina walandira kaphukusi ka usipa kapena utaka pa basi, anthu a zipinda zina ankadandaula fungo, ife tili pa chikondwerero.

Kamodzi pa mwezi, tikalandira, tinkapita koyenda. Malo amene ndinkawakonda kwambiri ndi Zoo Lake. Ndi paki yaikulu ya mitengo ndi kanyanja pakati, kulowa ndi ulere. Mabanja amabwera ndi mbaula zawo kudzawotcha nyama, iwo amati braai, ife tingati kanyenya. Tinkasonkherana ya nkhuku ndi soseji, n'kukhala pa kapinga amene sindinatchetche ine. Pamenepo ndi pamene ndinkamva kuti ndine munthu, osati "the garden boy". Tinapitanso ku Soweto, ku Vilakazi Street, msewu umene Nelson Mandela ndi Desmond Tutu onse anakhalamo. Chapafupi pali chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wa sukulu amene anawomberedwa pa 16 Juni 1976, tsiku lija timakumbukira ngati la mwana wa mu Africa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Zimene tinkaloweza pokonzekera mayeso ndinaziona ndi maso. Mu Novembala 2023 ndinadzimana ndiwo sabata yonse kuti ndigule tikiti ya Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates pa FNB Stadium, bwalo limene panaseweredwa fainolo ya World Cup ya 2010, lolowa anthu oposa 90,000. Ine ndinali wa Pirates chifukwa Gabadinho Mhango anasewerako, ngakhale nthawi imeneyo anali atachoka. Pirates inawina. Ndinakumbatirana ndi munthu wosamudziwa, ndipo tsiku limenelo palibe anafunsa kuti kwanu n'kuti. Zimenezi sindinong'oneza nazo bondo. Kuyenda n'kwabwino ndithu, ndipo ndinaona zinthu.

Koma pali ulendo umodzi umene unandibweretsera mavuto. Tinakwera Gautrain, sitima yothamanga ija, kuchokera pa Park Station kupita ku Sandton. Pa Nelson Mandela Square pali chifanizo chachikulu cha Mandela, chotalika mamita 6. Ndinabwereka jekete la msuweni wanga, nsapato za mnzathu wa ku Mangochi, ndi magalasi a dzuwa a munthu wina amene tinangokumana naye pomwepo. Ndinajambulitsa n'kuika pa Facebook ndi pa WhatsApp. M'masitolo a kumeneko sitinagule kanthu, ngakhale botolo la madzi. Tinadya magwinya, mandasi a kumeneko, amene tinanyamula m'thumba. Pofika madzulo mauthenga anali mbwee. Amalume akufuna ya feteleza, mlongo wanga akufuna foni, anzanga awiri a m'kalasi akufunsa kuti basi ndi zingati. Mmodzi mwa iwo anagulitsadi mbuzi za mayi ake n'kubwera, ndipo anakhala miyezi inayi osapeza ntchito. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mkuyu wake ndinajambula ndine.

Si Lamulungu lililonse limene kuli ndalama ya Zoo Lake kapena mpira. Malamulungu ambiri umangokhala m'kachipinda kaja, anzako atuluka, kunja kukuzizira, wasowa wolankhula naye. Kuno kumudzi ukafuna kulakwa pali maso: azakhali, a mfumu, a kutchalitchi. Kumeneko palibe akukudziwa. Ndipo thaveni ili pa kona, yotentha bwino, nyimbo zikulira. Ine kuno sindinkamwa. Kumeneko ndinayamba ndi botolo limodzi "lochotsa kuzizira". Azibambo amene anasiya akazi kumudzi ambiri anali ndi wina wowaphikira, atsikana ena ochokera kwathu konkuno ntchito ikasowa ankakhala ndi mwamuna chifukwa cha lendi basi. Sindikuwaweruza. Ndikungonena kuti lendi ndi kusungulumwa zimagwetsa anthu amene kuno tinkawaona olimba.

Inenso ndinagwa. Usiku wina mu Disembala, nditalandira kabonasi, ndinamwa kwambiri ndipo ndinagona ndi mtsikana amene ndinamudziwa tsiku lomwelo, popanda kondomu. Makondomu kumeneko ndi aulere m'zipatala za boma ngati kuno, ndipo South Africa ndi dziko limene lili ndi anthu ochuluka kwambiri padziko lonse amene ali ndi HIV. Zonsezi ndinkazidziwa, ndinali membala wa kalabu ya Edzi Toto kusukulu. Mowa sufunsa kuti unali kalabu yanji. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti pali mankhwala otchedwa PEP, amene munthu akayamba kumwa pasanathe maola 72 ndi kupitiriza masiku 28 amateteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Ndikanadziwanso kaya ndikanapita, chifukwa chipatala ndinkachiopa ngati polisi.

Mantha omwewa anatsala pang'ono kupha mnzathu wa ku Mangochi. Iye anabadwa ndi kachilombo, ndipo ankamwa ma ARV kuyambira ali mwana, koma sanauze aliyense wa ife. Wandilola kuti ndizikamba nkhani yake bola osatchula dzina. Pochoka kuno anatenga mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, ankawabisa m'sokosi ndi kumwera kuchimbudzi. Atatha anaopa kupita kuchipatala poganiza kuti akamufunsa mapepala. Anayesa kuitanitsa kumudzi kudzera pa basi, phukusi linasowa pa njira. Anakhala miyezi osamwa. Anayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku, buluku kumasuka. Ife tinkati ndi chimfine cha ku Joni. Madala aja ndi amene anamukhazika pansi usiku wina. Anati, "Mwana wanga, ine ndatumiza mitembo yambiri kumudzi, ndipo ndatopa kuyenda ndi kope la zopereka. Undiuze zoona." Mnyamata uja analira, n'kuulula. M'mawa madala anajomba kuntchito, anamuperekeza kukiliniki. Anamupeza ndi TB, anamuyambitsa mankhwala ake, kenako anamubwezeretsa pa ma ARV, osalipira kanthu. Namwino anangomukalipira kuti anachedweranji. Tonse a m'chipindamo anatiuza kuti tikayezetse TB, ndipo ine ndinapezerapo mwayi woyezetsa magazi. Mphindi zimene ndinadikira zotsatira zija, anzanga, zinatalika kuposa mzere wa pa Beitbridge. Anandipeza ndilibe. Nditabwerera kuno ndinakayezetsanso kuti nditsimikize. Sikuti ndinachenjera, ndinangopulumuka.

Sindikulonjeza kuti aliyense amalandiridwa bwino chonchi. Mu 2025 kunamveka nkhani za magulu ena oima pa zipata za zipatala kumeneko n'kumabweza alendo. Choncho ngati muli pa mankhwala ndipo mwatsimikiza za ulendo, kambiranani ndi a kuchipatala chanu musananyamuke, akupatseni mankhwala okwanira ndi kalata yosamukira, ndipo buku lanu la kuchipatala lisatsale. Mukafika funani kiliniki mankhwala asanathe, ndipo pezani munthu mmodzi wamkulu amene mungamuuze. Atsikana, wina akakuuzani kuti, "Ndikulipirira basi, ntchito ndakupezera kale," funsani kuti ntchito yanji, kwa ndani, mukagona kuti, ndipo pasipoti yanu isakhale m'manja mwa munthu wina.

Chimene chinandibweza ine si matenda. Khomo limene linkandilipira bwino linasamukira ku Cape Town, ndipo masamu anasiya kugwirizana. Ndinawerengera kuti ndikakhalanso chaka ndidzakhala mtchona wopanda chobwera nacho. Potuluka pa Beitbridge anaona kuti ndinapitirira masiku anga ndi nthawi yaitali, ndipo malinga ndi lamulo lawo anandiletsa kulowanso m'dzikolo kwa zaka zisanu. Ndinabwera ndi foni, bulangete lalikulu, njinga yakale imene abwana ena anandipatsa, ndi ndalama zimene zinakwana kubweza ngongole ya mayi ndi kugula malata 14. Malatawo ali kuseri kwa nyumba mpaka lero, akudikira anzake. Njinga ija ndi imene mumandiona nayo pa kabaza. Ena amandiseka kuti, "Wa ku Joni uja ndi ameneyu?" Ndimangoti, "Kwerani aise, tizipita."

Msuweni wanga akadali komweko, ndipo iye zikumuyendera pang'ono. Anaphunzira kuika matailosi ndipo wamangira mayi ake nyumba. Zinamutengera zaka zisanu ndi ziwiri. Mnzathu wa ku Mangochi ananenepa, timalankhulana pa WhatsApp, ndipo nsapato zake zija akuti ndimubwezere ya polishi.

Chithunzi cha ku Sandton chija ndachitsukitsa, ndabwera nacho. Chiyambire uku kwa atsikana, chizungulire, koma chibwerere kwa ine. Muone bwino manja a jekete mmene anditalikira. A wapampando, ngati nthawi ilipo ndilandire mafunso, ndipo amene ali ndi funso loti sangafunse pagulu andipeza pansi pa mtengo wa mango paja tikamaliza.